Jumbo ya mankhwala ya mlembi wa banki mkhonde

Lolemba m'mawa, ndisanatsegule n'komwe chitseko cha kiliniki yathu ya matenda a m'maganizo, ndinapeza mayi a zaka 68 atakhala kale pabenchi, mwana wawo wamkazi ali pambali atafumbata jumbo yakuda. Anabweranso masabata awiri apitawo, ndipo tsikuli linali loti ndiwauze zomwe tinapeza. Mayiwa anaphunzitsa ku pulayimale zaka zoposa 30, ndipo atapuma ntchito anzawo anawasankha kukhala mlembi wa banki mkhonde. Mabuku a guluwo ndi amene anawabweretsa kwa ine. Kawiri konse analemba masheya a munthu wina pa dzina la mnzake, ndipo tsiku lina anakafika kumsonkhano Lachinayi pomwe gulu limakumana Lachitatu chiyambire. Kuphika amaphika, kumunda amapita, ku Chigwirizano sajomba, chenji cha pamsika amawerengera okha. Koma eni akewo ankati, "Adokotala, mutu wangawu si uja ayi."

Poti ndi munthu wophunzira, ndinawayesa ndi MoCA, mayeso a mamalikisi 30 omwe anakonza Ziad Nasreddine ku Montreal. Wotchi anajambula bwinobwino, manambala onse m'malo mwake. Koma pa mawu asanu omwe ndinawauza kuti asunge, patatha mphindi zisanu anakumbukira awiri okha. Onse pamodzi anapeza 22, pomwe timayembekezera 26 kupita m'mwamba. Vutoli m'mabuku athu limatchedwa mild cognitive impairment, mwachidule MCI. Ndikamafotokozera odwala ndimati kuiwala kwapitirira kwa ukalamba wamba, koma sikunafike pa matenda oiwalaiwala aja a dementia, chifukwa munthu akudziyendetserabe moyo wake yekha. Ndinawauza mosabisa kuti mwa anthu 100 otere omwe amaonedwa m'makiliniki, 10 mpaka 15 pachaka amafika pa dementia. Ambiri amangokhala pomwepo kwa zaka, ndipo ena amabwerera mwakale, makamaka ngati chomwe chikusokoneza ubongo chapezeka n'kuchotsedwa.

Mwana wawo sanadikire kuti ndimalize. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha kabokosi ka donepezil chomwe achimwene ake a ku Johannesburg anatumiza pa WhatsApp. "Akuti mungotilembera, iwo agula atumize pa basi."

Funso limeneli ndimalimva pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo sindiwaona olakwa ofunsawo. Munthu walipira kabaza, wadikira pamzere chim'mawire, ndiye abwerere chimanjamanja? Koma donepezil ndi wa anthu omwe dementia ya Alzheimer yawagwira kale. Atamuyesa pa anthu a MCI sanaonetse kuti amatchinga matendawo, pomwe mseru, kutsegula m'mimba, maloto oipa ndi kugunda pang'onopang'ono kwa mtima amabweretsa ndithu. Ngakhale bungwe la madokotala a ubongo ku America, American Academy of Neurology, m'malangizo ake a 2018 silinakakamize mankhwalawa. Chomwe linalimbikitsa ndi kulimbitsa thupi kosachepera kawiri pa sabata.

Ndinapempha jumbo ija n'kuikhuthulira patebulo. Apa m'pomwe ntchito yanga yeniyeni imayambira. Munali metformin wa shuga, yemwe akhala akumwa zaka 9. Munali amitriptyline yemwe anapatsidwa chifukwa cha kutentha kwa mapazi usiku. Pansi penipeni panali timapepala ta Piriton togula pagolosale.

"Awa mumamwa liti, amayi?"

"Madzulo aliwonse. Ndikapanda kumwa tulo sitibwera."

Amitriptyline ndi Piriton onse amatsekereza acetylcholine, mankhwala a m'thupi omwe ubongo umadalira posunga zinthu. Ndi yemweyo amene donepezil amayesa kuchulukitsa. Kuwapatsa donepezil uku akumwabe awiriwa kukanakhala kuthira madzi mumtsuko woboola. Kenako pali metformin, yemwe akamwedwa zaka zambiri amachepetsa vitamini B12, ndipo B12 akachepa mapazi amatentha, mutu umaiwala. Labu yathu siyeza B12, koma zotsatira za magazi zinaonetsa maselo ofiira aakulu kuposa muyezo, MCV 104. Tinagwirizana kuti Piriton asiye, amitriptyline tizimuchepetsa pang'onopang'ono, metformin apitirize chifukwa shuga wawo akumufuna, koma ayambe jakisoni wa B12. Ndalama za achimwene aja zinapeza pogwira. BP yawo inali 168/98, ndiye ndinawalembera kuti abwere mawa lake ku kiliniki ya shuga ndi BP.

Lachiwiri ndinathandizira kiliniki yomweyo chifukwa mnzathu wina anali kumaliro. Anthu anali ochuluka, makina oyezera BP amodzi okha. Mayi aja tinawayambitsa amlodipine. Ndikamalemba kapiritsi kotchipa kameneka ndimadziwa kuti ndikulembanso mankhwala a ubongo. Kafukufuku wa SPRINT MIND, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2019 atatsatira anthu oposa 9,000 ku America, anapeza kuti kutsitsa BP mwamphamvu kunachepetsa chiopsezo cha MCI ndi 19 peresenti. Timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo timaonongeka mwakachetechete BP ikakhala yokwera zaka, munthu asanagwe n'komwe sitiroko yooneka. Kuno kwathu, komwe ambiri amadziwa kuti ali ndi BP atafa kale ziwalo mbali imodzi, nkhani ya kuiwala ndi nkhani ya BP n'zosalekanitsika.

Lachitatu tinapita ku chipatala chaching'ono chakumudzi, ulendo wa maola awiri pamsewu wafumbi. Titatsala pang'ono kulongedza, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anabwera atagwira dzanja agogo aamuna a zaka za m'ma 70, mdzukulu wawo akutsatira pambuyo. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti m'mudzi mwayamba manong'onong'o. Agogowa akapatsidwa moni sayankha, amayankhula okha, ndipo usiku wina anapezeka ataima pakhomo la eni ake. Mwezi womwewo mwana wa pakhomo limenelo anadwala malungo aakulu.

Mtima wanga unagunda. Aliyense wogwira ntchito ndi okalamba m'dziko muno amakumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawanena kuti ndiwo analenga mphenzi yomwe inapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo likamafika m'mudzi nthawi zambiri nyumba imakhala itapsa kale.

MoCA kwa munthu yemwe sanagwirepo pensulo ndi yopanda chilungamo. Kwa agogo otere ndimagwiritsa ntchito mafunso a IDEA, omwe anakonzedwa m'boma la Hai ku Tanzania poganizira anthu osapita kusukulu. Umafunsa kuti mlatho n'chiyani, mfumu ya mudzi ndani, lero n'lachingati, umapempha atchule nyama zomwe akuzidziwa m'mphindi imodzi, asunge mawu 10, ndiponso ayale timitengo ta machesi motsanzira momwe wayalira iwe. Ndinafunsa funso loyamba, agogo n'kungondiyang'ana. Lachiwiri, anayankha zina. Ndinavula chopimira pachifuwa changa, ndinawaveka m'makutu mwawo, ine n'kuyankhulira kumutu kwake kuja.

"Agogo, mukundimva?"

Nkhope inawala. "Eya mwanawe, tsopano nde ndakumva. Bwanji osayankhula chonchi kale?"

Nyama anatchula 13, kuyambira njati mpaka nungu. Mfumu anaitchula ndi mfunda womwe. Timitengo ta machesi tinawavuta, koma nditayang'ana m'maso ndinapeza ng'ala mbali zonse ziwiri. M'makutu munali mutadzaza phula louma gwa. Pa mawu 10 aja anakumbukira awiri, choncho kuiwala kulipo ndithu ndipo tiyenera kukuyang'anira. Koma munthu wosayankha moni uja anali wosamva, ndipo woima pakhomo la eni usiku uja anali wosaona yemwe anasochera pochokera kuchimbudzi. Lipoti la Lancet Commission la 2024 linatchula zinthu 14 zomwe munthu angazisinthe, zomwe pamodzi zikukhudza pafupifupi 45 peresenti ya dementia padziko lonse, ndipo kusamva ndi kusaona zili momwemo. Ubongo womwe sukulandira mawu kapena zithunzi umafota, ndipo mwini wake amasiya kupita kubawo, kumaliro, kutchalitchi.

Tinapereka mafuta odontheza m'makutu kuti phula lifewe, namwino adzalitsuke sabata ya mawa. Ndinalemba kalata yopita ku chipatala cha maso cha ku Nkhoma, komwe amachotsa ng'ala. Kenako ndinapempha kuti tidzere kwa amfumu. Anzanga m'galimoto anang'ung'udza chifukwa dzuwa linali litapendeka, koma sindikanagona tulo ndikanapanda kutero. Amfumu anatilandira pansi pa mtengo wa mango. Agogo atavomera okha kuti nkhani yawo inenedwe, ndinafotokoza zonse pamaso pa nduna ziwiri, ndipo mdzukulu uja anabwereza zomwe anaona ndi chopimira chija. Amfumu anati akalengeza pabwalo Loweruka. Tinafika kunyumba mdima utagwa.

Lachinayi a ku kiliniki ya ma ARV ananditumizira bambo wa zaka 57 yemwe wayamba kuiwala, mpaka kudumphitsa masiku otengera mankhwala. Kale tikanayamba kukayikira efavirenz, mtundu wa ARV womwe umatha kusokoneza mutu, koma chiyambire 2019 pomwe dziko lino linasamukira ku dolutegravir, ambiri sakumwanso amene uja. Tinayeza chindoko, chomwe chimathanso kusokoneza ubongo, panalibe. Kachilombo m'magazi kanali kochepetsetsa. Nditafunsa za kunyumba anagwetsa misozi. Akazi awo anamwalira chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo sadya bwino, sagona, madzulo amathera kokachasu. Kukhumudwa kwakukulu kumaiwalitsa zedi, ndipo kumachizika. Tinayamba uphungu tsiku lomwelo.

Madzulo ake foni inalira, nambala ya ku South Africa. Anali mwana wa mayi a banki mkhonde aja. Anayankhula mwaulemu, koma ndinamva kuti akuona ngati amayi ake tawamana chithandizo. Anali atawerenga za lecanemab, mankhwala a matenda a Alzheimer. Ndinamuuza kuti mankhwalawo alipodi, bungwe la FDA ku America linawavomereza kwathunthu mu Julaye 2023, ndipo donanemab anatsatira mu Julaye 2024. Lecanemab amaperekedwa m'dilipi masabata awiri aliwonse, mtengo wake unalengezedwa pa madola 26,500 pachaka, ndipo pa miyezi 18 anachepetsa liwiro la matenda ndi 27 peresenti, osati kuwaimitsa. Asanayambe, pamafunika umboni woti mu ubongo muli amyloid, zinthu zomwe zimaunjikana mmenemo pa matenda a Alzheimer, kudzera mu sikani ya PET kapena madzi a mumsana, kenako sikani ya MRI mobwerezabwereza chifukwa mankhwalawa amatha kutupitsa ubongo kapena kuukhetsa magazi. Amayi ake sitikudziwa n'komwe ngati vuto lawo ndi la Alzheimer. Ndinamuuzanso za kafukufuku wa FINGER ku Finland, wotsogozedwa ndi Miia Kivipelto, momwe okalamba 1,260 anatsatiridwa zaka ziwiri, ndipo omwe anathandizidwa pa zakudya, kulimbitsa thupi, kugwiritsa ntchito mutu ndi kuyang'anira BP anachita bwino kuposa anzawo. "Achimwene," ndinatero, "muziwaimbira Lamlungu lililonse, muziwafunsa za kumunda mpaka akufotokozereni zonse." Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mtengo wa makina oyezera BP pakhomo.

Lachisanu banja linabwera, mayi aja, mwana wawo ndi mlongo wawo wamwamuna, kudzabaitsa jakisoni ndi kukambirana za kutsogolo. Mwana anali ataganiza kale zoti amayi atule pansi udindo wa ulembi, asiye kupita okha kumsika, ndipo foni ya Airtel Money aisunge iyeyo. Ankachita izi mwachikondi, koma ndinakana. Munthu wa MCI ukamulanda ntchito zake umamufulumizitsa komwe ukuopa. Ndinatembenukira kwa eni ake.

"Inuyo amayi mukufuna bwanji?"

Anati ulembi sasiya, koma apempha gulu liwapatse wachiwiri woti aziwerenga naye limodzi msonkhano usanathe. Kalendala yaikulu aipachika pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa. Mapiritsi aziwaika m'timabotolo ta masiku. Mbaula asamaisiye yoyaka akamapita kudimba. M'mawa uliwonse aziyenda ndi mnzawo wa ku Chigwirizano mpaka kumjigo wakutali uja m'malo mwa wapafupi. Kenako ananena okha zomwe ine ndimavutika kuziyambitsa. Anati akufuna nkhani ya munda ndi nyumba ilembedwe tsopano, mutu udakali wawo, pamaso pa mlongo wawoyo ndi amfumu, ndipo anatchula yemwe adzawayankhulire kuchipatala tsiku lomwe adzalephere. Mlongo wawo anawerama, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Ndinalemba m'buku lawo la kuchipatala tsiku lobwera kudzayeza BP pakatha mwezi, ndi lina lodzabwereza MoCA pakatha miyezi 6. Mayi aja anatulutsa bolopeni m'chikwama, anakopera masiku onse awiri kuchikuto cha buku la banki mkhonde, n'kuuza mwana wawo kuti awerenge mokweza aone ngati alemba bwino.