Kumwamba kwa mwana wa eni

Loweruka, usiku.

Magetsi angobwera kumene, ndiye ndilembe msanga za lero zisanandithawe m'mutu.

Linali tsiku la kagulu kathu kowerenga mabuku. Timakumana kamodzi pa miyezi iwiri, osati ulesi ayi, koma buku limakhala limodzi, anthu tilipo 8, ndiye limayenda khomo ndi khomo ngati mbale ya chopereka. La ulendo uno ndinagula ndine kwa anyamata oyala mabuku akale pansi m'tauni muja: The Lovely Bones, lolembedwa ndi mayi wa ku America, Alice Sebold. Pobwerera kwa ine sabata yatha linali litamwako tiyi, kuchikuto kuli chidindo cha mafuta a mandasi, ndipo wina anali atapinda ngodya ya tsamba lina chakoyambirira. Zinandinyansa. Munthu wopinda masamba a buku la eni ine sindimumvetsa, koma ndinangoti ndikafunsa konko.

M'mawa ndinachapa, mvula n'kundiseka zovala zili pachingwe. Minibasi ya ku Chitawira inachedwa kudzaza, moti ndimafika kwa aphunzitsi opuma aja, omwe amatisunga, tiyi atazungulira kale.

Kwa amene simunaliwerenge, nkhani yake ndi iyi. Mtsikana wa zaka 14, Susie Salmon, akuchokera kusukulu pa 6 Disembala 1973 m'dera lina la ku Pennsylvania. Wadutsa njira yachidule ya m'munda wa chimanga. Bambo woyandikana nawo nyumba, George Harvey, munthu wofatsa wopanga tinyumba ta zidole, wamunyengerera kuti akaone kachipinda kamene wakumba pansi pa nthaka m'mundamo. Wamugwiririra, wamupha. Zonsezi zatha m'mutu woyamba, ndipo wotiuza ndi Susie yemweyo, ali kumwamba. Buku lonse ndiye iyeyo akusuzumira pansi pano kuonerera banja lake likuphwasuka: bambo ake, Jack, akuphwanya mabotolo a tizombo amene ankapanga naye limodzi, mayi ake, Abigail, akuyamba chibwenzi ndi wapolisi wofufuza mlanduwo kenako n'kuthawira ku California, mng'ono wake Lindsey akukula ndi dzina la "m'bale wa wophedwa uja". Mtembo supezeka. Harvey anauika m'bokosi lachitsulo losungira ndalama n'kukaliponya m'chidzenje chotayamo mafiriji akutha. Galu wa m'mudzimo anangotola chigongono.

Linatuluka mu 2002, patangopita miyezi yowerengeka ndege zija zitagwetsa nyumba zosanja ku New York, ndipo linagulidwa ngati mchere, makope oposa miliyoni chaka chisanathe. Ena amati anthu kumeneko anali ndi ludzu lomva kuti akufa awo ali pabwino. Koma si onse analiombera m'manja. Aphunzitsi anatiuza za wina wosanthula mabuku, Daniel Mendelsohn, amene analidzudzula mu New York Review of Books kuti limangosisita owerenga pamsana m'malo mowasiya ayang'anizane ndi zoopsa zimene lawayambitsira. Ndiye mkangano wathu wa lero si ife tinauyamba. Tinangouthira tsabola wa kuno.

Woyamba kuyatsa moto anali abambo athu aja, mkulu wa mpingo. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuti, "Mayi, ine ndafufuza tsamba ndi tsamba. Kumwamba kotani kopanda Mwini wake?" Zoonadi, kumwamba kwa Susie kulibe mpando wachifumu, kulibe angelo, kulibe chiweruzo. Aliyense amapeza zimene ankalakalaka ali moyo. Iye wapezako sukulu ya sekondale yonga imene ankayembekezera kudzapita, kanyumba kokhala ndi mnzake Holly, agalu othamangathamanga pabwalo, ndi mayi wina, Franny, wolandira obwera kumene ngati wa ofesi yosamalira anthu. Abambowo anati kumeneko ndi kutchuthi, si kumwamba, ndipo anatchula Mlaliki 9:5, kuti akufa sadziwa kanthu bi.

Aphunzitsi sanachedwe. "Nanga mwini chuma uja wa pa Luka 16, Bambo? Ali m'moto momwemo sanakumbukire abale ake asanu otsala kumudzi?" Abambo anati limenelo ndi fanizo. Aphunzitsi anati ilinso ndi buku la nthano, palibe wanena kuti tilipititse paguwa. Tinaseka, koma abambowo sanaseke nafe. Iwo anaika mkazi wawo m'manda zaka zingapo zapitazo, ndipo ndikuganiza kuti maganizo oti malemu akuwaona akudya okha madzulo aliwonse si chitonthozo kwa iwo. N'kwabwino agone, asadziwe kanthu.

Kamnyamata kathu kophunzira zamalamulo kanali ndi dandaulo lina. Harvey sagwidwa. Jack akudziwa mumtima kuti ndi iyeyo, Lindsey mpaka akuthyola nyumba yake n'kupezamo chojambula cha dzenje lija, koma munthuyo akungolongedza n'kusowa. Akudzafa patapita zaka, madzi oundana osongoka ngati mkondo atamugwera kuchokera m'mwamba, iye n'kuterereka kugwera kuphompho. Banja la Susie silimva n'komwe. "Chimenecho n'chilungamo?" anatero. "Wolembayo wangotopa naye basi." Ine pamenepa ndinatsutsa. Ndi milandu ingati ya ana imene timaimva pawailesi sabata imodzi kenako zii? Buku likanatha ndi unyolo ndi woweruza, ndikanati landinamiza.

Anesi athu ndiye anatifikitsa pamene aliyense amapazemba. Chakumapeto, Susie akutsika n'kulowa m'thupi la Ruth, mtsikana amene mzimu wake unamukhudza pochoka padziko. Kwa ife zimenezo si zachilendo. Ndani sanamvepo za munthu wogwidwa ndi mzimu wa malemu, akuyankhula mawu a agogo? Chodabwitsa ndi chimene wadzera. Sakutchula womupha, sakuloza kumene kuli mafupa ake, sakuthamangira kwa bambo ake amene atha thupi ndi chisoni. Akupita kukagona ndi Ray, mnyamata amene anapsompsonana naye kamodzi asanafe. "Mzimu wa kwathu ukabwera umanena chimene wadzera," anatero anesi. "Uwu wabwereka thupi la mwana wa eni osapempha, n'kukachita nalo zimenezo. Komanso mwana amene anafa imfa yotere! Ine ndinalitseka, ndinakatsuka mbale." Ambiri tinagwirizana nawo. Aphunzitsi okha ndi amene anati mwanayo analandidwa thupi lake mwankhanza, ndiye wolemba amafuna kumubwezera kamodzi kokha chinthu chomwecho mwa kufuna kwake. Ndamva, koma Ruth yemwe mwini thupi anafunsidwa liti? Pamenepa ine buku linanditaya, ndipo mpaka pano silinanditole.

Mnzanga wa kuntchito anangoti duu nthawi yonseyi, kenako anaulula kuti iye anaonera filimu yake basi, ya Peter Jackson ya 2009 ija. Anati kumwamba kwake n'kokongola, mapiri, maluwa, zombo zikuluzikulu za m'mabotolo zikusweka m'mphepete mwa nyanja, ndipo Stanley Tucci, amene anasewera ngati Harvey, anamuopsa mpaka anakayang'ana ngati chitseko n'chokhoma. Tinamulipiritsa mandasi a ulendo wamawa.

Wa zamalamulo uja anabweranso ndi ina, ndipo iyi inatiziziritsa nkhongono. Sebold mwini wake anagwiriridwa ali wophunzira pa yunivesite ya Syracuse mu 1981, nkhani imene anailemba m'buku lina, Lucky, la 1999. Bambo wachikuda, Anthony Broadwater, anamangidwa pa mlanduwo n'kukhala m'ndende zaka 16, chonsecho pa perete wa apolisi Sebold anali ataloza munthu wina. Mu Novembala 2021 khoti linafafaniza chigamulocho, kuti bamboyo sanalakwe. Sebold anapepesa, osindikiza anasiya kugulitsa Lucky, ndipo boma la New York linavomera kulipira Broadwater madola 5.5 miliyoni. "Tsono taonani," anatero mnyamatayo, "m'buku lathuli timakwiyira apolisi kuti bwanji sakukhulupirira mtima wa Jack. Mtima womwewo, wakuti ndamuzindikira ndi uyu, ndi umene unadyera munthu zaka 16." Panalibe woyankha. Anesi anangoti mtsikana wa zaka 18 wovulazidwa si amene amayendetsa khoti. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo sindinapeze poziika pamodzi.

Apa ndi pamene ndinakumbukira za tsamba langa. Ndinakweza buku m'mwamba mwanthabwala, ndikuti wopinda uyu adziulule yekha tisanaitane sing'anga.

"Ndine, asisi. Pepani."

Anali mayi wosoka zovala amene analowa kagulu kathu chaka chino. Sayankhulayankhula, amabwera ndi kope, amalemba mawu achingerezi amene amuvuta, n'kumafunsa aphunzitsi pamapeto. Ndinatsegula pomwe anapindapo. Ndi pamene wapolisi akuuza Jack kuti apeza chiwalo chimodzi chokha.

"Iwo anapezako chigongono," anatero.

Tonse tinkadziwa kuti anachokera ku Chilobwe, koma palibe anafunsapo zambiri. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, mng'ono wake anapita ndi nyumba yomwe. Anayenda ku mochale masiku angapo akuvundukula nsalu. Anakumba ndi makasu pamodzi ndi anyamata a m'dera. Sanapeze ngakhale chitenje. Anatiuza zimenezi mawu ali phee, akusalaza siketi pamaondo ngati akuyeza nsalu. Anati kumudzi anakhala pasiwa, nyimbo zinaimbidwa, nsima inaphikidwa, koma panalibe bokosi loti anthu aperekeze, ndipo mpaka lero mayi ake akamva kuti kwinakwake kwapezeka munthu wosokonezeka mutu wosadziwika kwawo, amatuma mwana kuti akaone. Palibe manda oti akasese. Chiliza angachimange pati?

"Za kumwambazo ine sindinazisamale," anapitiriza. "Kaya kuli Mulungu kaya kuli agalu, izo n'za wolemba. Ine ndimawerenga za pansi. Mayi uja mukumunena kuti ndi woipa chifukwa anathawa ana, ine ndamumvetsa. M'nyumba mukakhala munthu amene sanaikidwe, simupumika. Inenso ndinasamuka. Ndinasiya amayi."

Ndipo ife tinali titamutha Abigail mphindi zochepa zapitazo! Ine ndemwe ndinati mkazi wotani wosiya mwana wamng'ono ngati Buckley, mlongo wake wa Susie, n'kukatha zaka kumunda wa mphesa, mpaka kudikira mwamuna adwale mtima ndiye abwerere. Manyazi anandigwira. Abambo a mpingo anavalanso magalasi, n'kunena motsitsa kuti, "Mwanangu, tikanadziwa sitikanasankha buku limeneli." Iye anapukusa mutu. Anati ndi buku loyamba lachingerezi limene walimaliza osadumpha tsamba.

Ndakhala ndikuganiza m'minibasi monse. Bukuli lili ndi zolakwika zake, ndipo sindisintha maganizo pa za Ruth, ngakhalenso pa mathero ake otsekemera mopitirira, pomwe aliyense wabwerera, mwana wabadwa, dzina la malemu lapatsidwa kwa khanda. Koma ndaona kuti ife amene tinalitsutsa kwambiri ndi amene akufa athu tinawasambitsa, tinawaona nkhope, tinaponya dothi. Tinali ndi mpata woyeza kumwamba kwa Susie ndi malemba, ndi malamulo, ndi miyambo ya makolo. Amene sanaponye dothi sanayang'ane n'kumwamba komwe. Anaima pa chigongono.

Aphunzitsi anatseka ndi pemphero lalifupi, ndipo kusankha buku lotsatira kunakanika. Wina akufuna loseketsa, abambo akufuna la mbiri yakale. Tidzamalizira pa WhatsApp. Potuluka, mayi uja anayamba kuwongola ngodya ija ndi chikhadabo kuti andibwezere buku lili bwino. Ndinamuuza kuti alisiye choncho, alitenge. Analikulunga m'pepala la pulasitiki chifukwa mvula inali itayambanso, n'kuliika pansi pa nsalu za makasitomala m'chikwama.

Ndafika kunyumba mdima utagwa, mwana wanga wamkazi kulibe. Ali ndi zaka 14. Anapita kokonzekera kwaya, ndipo ndikudziwa kuti pobwera amadutsa kanjira ka m'chimanga kuseri kwa tchalitchi, ngakhale ndinamuletsa kangapo. Chimanga chake panopa chatalika kuposa munthu. Ndinaima pageti ndi tochi ya foni mpaka ndinamva mawu ake akuseka ndi anzake kumtunda. Atafika ndinamukalipira kuposa mulandu wake, iye n'kumangondiyang'ana modabwa, nsapato zili matope okhaokha.

Wagona tsopano. Zovala zija ndaziyanika m'nyumba, pamipando, ndipo zikudontha.