Mwera, nseru ndi makilomita 5 a ku Chikale

Loweruka ndasambira makilomita 5 kugombe la Chikale ku Nkhata Bay mwera ukuwomba, osasanza ngakhale kamodzi. Anzanga osambira mukudziwa kuti chiyambireni Juni nyimbo yanga yakhala imodzimodzi: likangokwana ola m'madzi, mutu kuzungulira, m'mimba kuvunduka, kenako ndakangamira m'mbali mwa bwato ndikukhuthula zonse za m'mawa.

Poyamba ndinkakayikira chakumwa. Ndinasiya zotsekemera za m'mabotolo zija n'kuyamba kaphala kamadzimadzi ka mgaiwa, kothira shuga ndi kamchere, kamene achimwene ondiperekeza pabwato amandiponyera m'botolo lomangirira chingwe mphindi 30 zilizonse. Njala inatha, nseru ili pompo. Jinja ndinatafuna mpaka lilime kuyabwa. Osaphula kanthu.

Anatulukira ndi achimwene omwewo, amene sanaphunzire zosambira koma nyanja amaidziwa ngati khonde la nyumba yawo. Akuti, "Inu achimwene, bwanji mumadwala pobwerera pokha?" Zoonadi. Ndikachoka ku Chikale ndimalondola gombe kulowera kum'mwera, funde limandimenya kumaso ndi kumanzere, ine ndikupumira kumanja, zonse zili bwino. Ndikatembenuka, dzanja lamanja ndiye limaloza kunyanja. Kutsegula pakamwa, ndi madzi. Ena amangolowa ndi kutuluka m'khutu, ndipo chizungulire chimayambira m'kati mwa khutu momwemo.

Kuphunzira kupumira kumanzere kwandisautsa kwabasi. M'dziwe la hotela ina kuno ku Mzuzu, lalifupi moti usanatambasule bwino wafika kale kukhoma, ndinkangozungulira ndi pull buoy, kachoyandamitsa kopanira pakati pa miyendo, phewa lamanzere likukana kutsika, khosi litauma. Zinayamba kutheka nditasiya kudzutsa mutu n'kumatembenuza chiuno, diso limodzi lili m'madzi. Zotsekera m'makutu za silikoni ndinazipeza kwa mayi ena a kaunjika mumsika waukulu, omwe aja amandisungira magogozi akatsegula belo. Mukapitako yang'anitsitsani malamba a magogoziwo, ambiri amakhala atafuka ndi dzuwa ndipo amaduka muli pakati pa nyanja.

Zonsezi ndikuvutikira nyanja yamchere. Mtima wanga uli pa kusambira kuchokera pachilumba cha Robben Island kukafika ku Blouberg, ku Cape Town, makilomita 7.4. Mtundawo sundiopsa. Katswiri wosambira Lewis Pugh anachoka pachilumba chimenecho kusambira mpaka kumtunda ali ndi zaka 17, ndipo mu 1992 anawoloka nyanja yathu yomwe ino. Chondidetsa nkhawa ndi kuzizira: kumeneko madzi amakhala cha m'madigiri 13, pomwe athu ngakhale mu Julayi amapitirira 20. Mchere nawonso, pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi. Umathandiza kuyandama, inde, koma umasupula khosi ndi m'khwapa ngati sunapake vaselini wokwanira, ndipo ukaumeza ngati momwe ndinkamezera madzi a ku Chikale, nseru yake siyofanana.

Ndiye ndayika mgolo kuseri kwa nyumba, ndikumathiramo ayezi m'bandakucha uku chifunga cha Mzuzu chili tolo. Aneba akuyesa ndapenga. Mwera usanathe ndikufuna ndiyese makilomita 10, mwina ndi kusambira usiku komwe ngati asodzi a usipa atandilola kutsata nyali zawo. Zosambira mpaka kuchilumba cha Chizumulu ndazitchulapo kale kwa achimwene a bwato, anangoseka n'kufunsa kuti mafuta a injini agula ndani.