Mmene Ndinasinthira Chowotchera Nyama Kuchoka ku Propane Kupita ku Gasi wa M'mapaipi

Nyumba zambiri kuno ku America zili ndi gasi wachilengedwe wobwera m'mapaipi, ndipo yathu ndi imodzi mwa izo, choncho ndinaona kuti palibe chifukwa chomavutikira ndi silinda ya propane (gasi wogulitsidwa m'masilinda) yolowa gasi wolemera mapaundi 20 pomwe gasi wafika kale kukhitchini.

Ndinayamba ndi kuwerenga kabuku ka chowotcheracho, chifukwa si makampani onse amalola kusinthaku. Weber salola, ndipo amene wasintha mwayekha amataya chitsimikizo cha kampaniyo, pamene Char-Broil amapanga mitundu ina yolandira magasi onse awiri ndipo amagulitsa zida zake zosinthira. Changa ndi cha mtundu umenewu, kotero ndinaitanitsa zida zogwirizana ndi nambala yolembedwa kumbuyo kwake.

Ambiri amaganiza kuti ntchitoyi ndi yongosintha paipi basi, koma nkhani yagona pa kabowo kakang'ono kwambiri. Propane amapereka kutentha kwa ma BTU (muyeso wa kutentha) pafupifupi 2,500 pa kiyubiki futi imodzi, pamene gasi wachilengedwe amapereka pafupifupi 1,000 okha, komanso propane amafika ndi mphamvu ya mainchesi 11 a madzi (muyeso wa mphamvu yomwe gasi amakankha nayo m'paipi) pomwe wa m'mapaipi amabwera ndi mainchesi 7 kapena kuchepera apo. Ndiye kuti gasi wachilengedwe ayenera kudutsa wochuluka kuti moto ufanane, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha timitu tamkuwa totulutsa gasi pa valavu iliyonse titakhala ndi mabowo okulirapo. Alipo ena amene amakulitsa mabowowa ndi chobowolera, koma ine sindivomereza zimenezo, popeza kabowo kakakula mopitirira sikabwereranso, ndipo lawi limasanduka lachikasu ndi lamwaye.

Paipi yochokera m'nyumba sindinaikhudze. Ndinaitana pulambala wokhala ndi chiphaso cha ntchito za gasi, amene anatenga chilolezo kuofesi ya mzinda, nakoka paipi mpaka pakhonde ndi kuikapo valavu yotsekera.

Yotsalayo inali yanga. Nditatseka silinda ndi kuichotsa, ndinazula zitsulo zowotcherapo, kenako timapaipi toyaka moto, mpaka timitu tamkuwa tija tinaonekera mkati, tothimbirira ndi mafuta a nyama. Ndinatimasula kamodzikamodzi ndi kasipanala kobwera ndi zidazo, mosamala kwambiri chifukwa mkuwa ndi wofewa ndipo mazinga ake sachedwa kuphwanyika. Nditatsatira zonse zomwe kabuku kananena pa timituto kuti gasi azidutsa pa mabowo okulirapo, ndinachotsa regulator ya propane (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi wochokera m'silinda) pamodzi ndi paipi yake n'kumangapo paipi yatsopano ya mafiti 10. Pobwezera timapaipi toyaka moto ndinaonetsetsa kuti kalikonse kavala bwino pakamwa pa valavu yake, pakuti kakakhala pambali moto umayakira kuseri kwa mabatani.

Ndisanayatse ndinapaka madzi a sopo polumikizira ponse, gasi ali wotsegula koma mabatani ali otseka, n'kumayang'ana ngati patuluke thovu. Sipanatuluke kanthu. Ndinayatsa chivundikiro chili chotsegula, lawi linatuluka labuluu, kupatula kapaipi ka kumapeto komwe ndinakakulitsira polowera mpweya kuti chikasu chithe. Pomaliza ndinamata chikwangwani chosonyeza kuti chowotcherachi tsopano ndi cha gasi wachilengedwe, chifukwa wina atalumikizapo silinda ya propane mabowo ali aakulu chonchi, moto wake ungakhale woopsa zedi.