Njira Imodzi ya ku Mufakose, Mitengo Itatu

Basi yathu inalowa mu Harare cha m'ma 9 koloko usiku, chichokereni ku Blantyre m'mamawa. Mtunda wake si woopsa, ndi makilomita 600 kapena kuposerapo pang'ono, koma zipata ndiye zimadya tsiku. Pa Mwanza tsikani, pa Zobue tsikani, mukawoloka Zambezi pa Tete mukatsikenso pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda. Pofika pa depoti ya mabasi ya Roadport mapazi anga anali atatupa ngati mabanzi.

Ndinapitira chiliza cha agogo. Iwo anapita ku Salisbury, amene lero ndi Harare, nthawi ya chitaganya kukaphikira azungu, ndipo anachona. Mayi anga anawatumiza kumudzi akadali mwana, amalume n'kutsala, moti mpaka lero ali ku Mufakose, kumadzulo kwa mzinda. Anali atandiuza pa foni kuti ndikatsika ndisakwere chilichonse, abwera msuweni wanga kudzanditenga. Koma basi inachedwa maola atatu, msuweni anatopa n'kubwerera, ndipo foni yanga inali itasiya kugwira netiweki chiwolokereni malire.

Panja pa depoti panali magalimoto angapo olembedwa kuti takisi. Ndili mkati modziyankhulira kuti kodi zikhala bwanji, bambo wina wa imvi anatembenuka.

"Mwachokera kumudzi, achimwene?"

Chichewa chake chinali chokhota pang'ono, cha anthu obadwira kuno, koma chinali Chichewa ndithu. Bambo awo ankachokera ku Ntcheu. Iwowo sanapondeko ku Malawi, komabe anandifunsa ngati mbatata ya kachewere ikugulitsidwabe pamsewu kwawoko. Anati ku Mufakose ndi madola 20 a ku America. Ndinanenerera mwa chibale mpaka tinagwirizana 15.

Tili m'njira ndinaphunzira zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Nambala ya galimoto yawo ndi yofiira, monganso kwathu kuno galimoto zonyamula anthu. Za anthu wamba ku Zimbabwe ndi zachikasu. Kufiirako, anatero, kumagulidwa. Pali chiphaso cha bizinesi yonyamula anthu, pali chikalata cha ku VID kumene amayeza mabuleki ndi matayala, pali inshuwalansi ya okwera, pali za khonsolo za malo oimika, pali msonkho, kuwonjezerapo mapepala a dalaivala mwiniwake. Anatsegula kabokosi ka kutsogolo n'kundionetsa envulopu yonenepa ngati ya munthu wa milandu.

"Zonsezi ndimalipira ine. Mwana wa dzulo akangogula Honda Fit ndi foni, wayamba ntchito yanga madzulo omwewo. Ndiye mwati tipikisane? Wina wasenza thumba la chimanga, wina ali chimanjamanja, inu n'kuimba mluzu kuti thamangani?"

Ndinawamvera chisoni, ndipo potsika ndinalemba nambala yawo ya foni.

Chisonicho chinatha m'mawa. Msuweni wanga, amene amagwira ntchito m'sitolo ina m'tauni, atamva za madola 15 anaseka mpaka kugwira khoma.

"Amuna anga, akudyerani! Abale anu omwe!"

Chisuweni chake ndi chomwecho, sitinaonanepo koma ndinali kale mwamuna wake. Anatulutsa foni n'kundionetsa mapulogalamu oitanira galimoto. Vaya, ya kampani ya Econet, inabwera mu 2018. Bolt inalowa mu 2024. Koma imene ili pakamwa pa aliyense ndi inDrive, chifukwa imachita zimene ife a kuno timachita kumsika: wokwera ndiye amayamba kutchula mtengo, madalaivala apafupi amavomera kapena kuwonjezera, iwe n'kusankha. Inayambira ku Yakutsk, mzinda wozizira koopsa ku Russia, pamene madalaivala a takisi anakweza mitengo nthawi ya chisanu, anthu n'kuyamba kupangana okhaokha pa intaneti. Kunenerera kwa pa msika wa Limbe, koma kwa pa foni.

Tinali ndi ulendo wa m'tauni wokagula nsalu yophimbira chiliza. Analemba madola 5. Wina anati 8, wina 7, wina 6. Mphindi zisanu zisanathe, galimoto yoyera bwino, ya nambala yachikasu, inaima pageti. Dzina la dalaivala, nkhope yake ndi nambala ya galimoto zinali pa foni, ndipo msuweni anazitumiza kwa mchimwene wake tisanakwere. Anati chimenechi n'chimene amachikondera, kuposa mtengo. Mkazi akaweruka mdima utagwa amafuna kudziwa kuti wakwera ya ndani, poti nkhani za anthu oberedwa atakwera galimoto zosadziwika mu Harare si zachilendo.

Mnyamata woyendetsayo ankayankhula Chishona, msuweni n'kumandimasulira. Masana a masiku ena ali pa ntchito ina, galimoto ndi ya mlamu wake, ndipo amapereka ndalama yoikika pa sabata. Ine mutu wanga ndi wa malonda, ndiye ndinayamba kuwerengera chamumtima. Mafuta kumeneko anali cha pa dola imodzi ndi theka pa lita. Njirayo ndi ya makilomita pafupifupi 15, ndipo akapanda kupeza wobwerera naye ayenda ulendo wina wopanda munthu. Chotsanipo gawo la eni pulogalamu, la mlamu, la bandulo. Pa madola 6 aja potsala ndi pochepa, ndipo tayala likaphulika kapena injini ikadwala, ndalama yake ilibe pochokera. Ndinamufunsa za inshuwalansi ya okwera. Anaseka n'kuloza kumwamba.

Kutsika mtengo kumeneku pali amene akukulipira. Ndi mnyamatayo, amene akudya galimoto ya mlamu wake pang'onopang'ono osadziwa, komanso ine wokhala kumbuyo tsiku limene zinthu zidzavute.

Madzulo ndinawafotokozera amalume zonsezi, ndikuganiza kuti monga munthu wachikulire akhala mbali ya a takisi aja. Ayi ndithu.

"Mwanawe, usandiuze za malamulo ine. Ndinawaona."

Ndiye anayamba. Kale mu mzindawu munkayenda mabasi a kampani imodzi yokha, imene pambuyo pake inakhala ZUPCO, kampani ya mabasi ya boma. Mzinda utakula mabasi anachepa, boma n'kulola ma Peugeot 404 aataliatali, otchedwa ma ET, kuti azithandiza. Anthu ankakhala mpaka m'buti, mawondo ali m'chibwano. Mu 1993, nthawi ya ESAP, ndondomeko yosintha kayendetsedwe ka chuma, boma linatsegula msika, makombi n'kudzaza misewu. Makombi ndi maminibasi athu omwewa, ndi oitanira awo amene kumeneko amati mahwindi, ndi chipongwe chawo chomwe. Anthu anawatukwana zaka 27. Kenako mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, boma linati kombi iliyonse yofuna kuyenda ilowe pansi pa ZUPCO, zina zonse ziime.

"Tinaombera m'manja," anatero amalume. "Tinati chisokonezo chatha. Walira mvula walira matope. Mtengo unali wotsika, inde, koma basi yake ili kuti? Ndinkaima pa siteji ya Market Square dzuwa likulowa, kudzafika pano ana atagona. Azimayi ankakwera malole. Ena kulowera pawindo."

Mu 2022 boma linabweza mawu, makombi a anthu n'kuloledwanso. Koma pa zaka ziwiri zimenezo, anatero amalume, mushikashika anali atamera mizu yoti sangazulidwenso.

Mushikashika ndi matola a m'tauni. Ndi timagalimoto ta anthu wamba, Honda Fit, Toyota Wish, Sienta, Probox, topanda chiphaso chilichonse chonyamulira anthu, toima paliponse pamene pali munthu. Ndinakwera kamodzi, ndipo ndi kokwana. Tsiku lachitatu ndinapita ndekha ku Mbare Musika kukaona msika, n'kudutsira m'tauni pobwerera. Pa masiteji a Copacabana ndi Market Square mizere inali yokhotakhota, mitambo itachita bii. Mnyamata wina anandikoka dzanja akukuwa dzina la Mufakose, dola imodzi. Kutsogolo tinakhala atatu ndi dalaivala, ine pakati, giya ili pa ntchafu panga. Kumbuyo anayi, m'buti awiri. Mayi wina anali atangolowetsa mwendo umodzi pamene woitanira anaimba likhweru, ataona a yunifolomu akubwera. Galimoto inadumpha chitseko chili chotsegula. Mayiyo anakokedwa ndi anzake ngati thumba, nsapato imodzi n'kutsala pamsewu. Tinalowa msewu wa njira imodzi mobwerera, tinakwera pamene pamayenda anthu apansi, wogulitsa nthochi n'kuthawa ndi dengu lake. M'galimotomo palibe anakuwa. Mayi uja anangoyang'ana phazi lake n'kutsonya. Ine ndekha ndi amene ndinali kupemphera, ndipo mvula itayamba mtengo unakwera tili m'njira, kufika dola ndi theka.

Apolisi amachita zikwapu za mushikashika kawirikawiri, monga chija cha mu 2023 chimene anachitcha Tame the Traffic Jungle, n'kugwira magalimoto ambirimbiri. Sabata zingapo zikapita, abwerera. Sangalephere kubwerera, chifukwa anthu a ku Mufakose, Chitungwiza, Mabvuku ndi Epworth ayenera kufika kunyumba, ndipo chilolezo sichinyamula munthu.

Ndinenepo za chenje, poti zinandiseketsa. Ndalama ya dzikolo, ZiG, inabwera mu April 2024, koma m'misewu anthu amadalira dola ya ku America, ndipo masenti ake saoneka. Pa njira yaifupi ya masenti 50, kondakitala amatha kukupatsani dola imodzi inu ndi munthu amene simukumudziwa kuti mukagawane nokha. Amati wakukwatitsani. Ine anandikwatitsa ndi agogo ena aakazi, ndipo banja lathu linatha titagula nthochi.

Tsiku la chiliza tinafunika galimoto yonyamula okalamba kupita kumanda, ndipo ndinaimbira bambo a takisi aja. Anafika nthawi yake, atavala jekete. Mwambo unayenda bwino, abusa a CCAP analalikira m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona, amayi a Mvano anaimba nyimbo zimene ndinazidziwa zonse. Pa nsima, kuseri kwa nyumba, mkangano unabuka.

Bambo aja anati iwo sakupempha kuti anyamata a pa foni aletsedwe, koma kuti asenze katundu wofanana. Msuweni anati akasenzetsedwa envulopu yonse ija mtengo ubwerera pa 15, ndipo iye abwerera ku mushikashika, komwe n'koipa kuposa zonse. Amalume anati vuto ndi envulopuyo: theka la mapepala ali mmenemo saona za mabuleki, amangoona za ndalama.

"Nanga madala," anafunsa msuweni, "pa mapepala anu onsewo, ndi liti limene lingandithandize ine mutandisiya pa thengo usiku?"

Bamboyo anaganiza kaye. Anati la inshuwalansi lingathandize pa ngozi, la VID lingaletse ngoziyo. Ena onsewo anangoti, "Amenewo ndi a boma."

Pamenepo m'pamene ine ndinaima, ndipo ndikadali pomwepo. Boma lili ndi mbali yake pa zinthu zimene wokwera sangazione ndi maso: mabuleki, inshuwalansi, ndi kudziwa kuti wagwira chiwongoleroyu ndani. Ine sindingagwade pansi pa galimoto kuti ndiyeze mabuleki ndisanakwere, ndipo msika sungandiuze mpaka tsiku la ngozi. Koma likayamba kunena kuti galimoto zikhale zingati, za kampani iti, pa mtengo wanji, amalume amagona pa Market Square. Ndipo mapepala akakwera mtengo mpaka munthu wa galimoto imodzi osawakwanitsa, lamulo limangogwira amene anadzipereka yekha, ngati bambo ajawa, poti ndi amene amaima pamalo podziwika. Kwathu kunonso si zomwezi? Ndi akabaza angati a njinga zamoto ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene ali ndi laisensi? Amagwidwa lero, mawa ali pa siteji, chifukwa mtengo wa mapepala ndi wa munthu wina, osati iwo. Nafenso timakwera, chipewa palibe, tikudandaula.

Ndinanena zimenezi pa nsima paja, mwina mokweza mawu kuposa mmene mlendo ayenera. Bambo a takisi anagwedeza mutu n'kunena kuti mwana wa kumudzi wayankhula zanzeru.

Basi yobwerera inkanyamuka m'mamawa. Usiku wake ndinawerenga ndalama zotsala: za pachipata, za chakudya cha m'njira, za minibasi ya ku Chilomoni. Nambala ya bambo aja inali m'thumba la malaya. Ndinaitulutsa, ndinaiyang'ana, n'kumuuza msuweni kuti alembe madola 6 pa foni yake. Wina anavomera pa 7.

Pa Roadport kunali kusanache bwino. Galimoto ya bambo aja ya nambala yofiira inali pamalo pomwe paja, iwo ali mkati, mpando atautsamiritsa, chipewa chili kumaso. Ndinauza mnyamata uja kuti anditsitsire patsogolo pang'ono. Ndinasenza chikwama n'kuzungulira kuseri kwa basi ina. Ndatsala pang'ono kulowa pageti, ndinamva windo likutsika.

"Achimwene! Muyende bwino. Mukadutsa pa Ntcheu mukawapatse moni."

Basi ya ku Blantyre sidutsa pa Ntcheu. Ndinayankha kuti ndikawapatsa.