Kuloweza ma idiom kwatiwonongera ana, ndaziona pochonga moku sabata ino

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi, sabata ino timachonga moku wa Fomu 4, nde mukudziwa kale mmene zimakhalira, mulu wa mapepala patebulo, mapiriyodi a Fomu 2 ndi Fomu 3 osaima, ku ofesi akufuna masikimu, choko chatha. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, galamala, komprihenshoni, samale, ana ambiri akuvutikabe ndi reported speech ngati chaka chilichonse. Zimenezo sizinandidabwitse. Chomwe chandiwawa mpaka lero ndi chimene chinachitika Lachitatu pa modereshoni ya ma kompozishoni, pomwe timaunikanso limodzi malikisi amene aliyense wapereka.

Pali mtsikana wina m'kalasi mwanga, wofatsa, sayankhulayankhula koma amawerenga chilichonse chimene wachipeza, ngakhale nyuzipepala yakale yong'ambika. Funso linali loti alembe za tsiku limene sadzaliiwala, iye analemba za kusefukira kwa madzi. Ziganizo zake zinali zotere: "Heavy rain fell all night and by morning the river had burst its banks. We took shelter in a classroom and paid close attention to what the rescuers told us." Nkhani yonse imayenda chonchi, yosalala, palibe pomwe ndinapunthwa. Ndinampatsa malikisi apamwamba ndipo mtima unali mbee. A HOD, mkulu wa dipatimenti yathu, atatenga pepalalo anawerenga pang'ono n'kudula malikisi aja, akuti chizungu chake n'chosavala, mulibe idiom ngakhale imodzi, kunena zining'a za Chingerezi. Kenako anatulutsa pepala la mnyamata wa kalasi ina kuti ndione chimene iwo akuchitcha chizungu chokhwima. Mnyamatayo analemba kuti "It was raining cats and dogs and at the eleventh hour in the morning I did a big mistake because the strong rain was too much." Uyu ndi amene anakwezeredwa malikisi. Abale, magazi anandithamanga.

Ndinawauza kuti a HOD, taonaninso bwino pepala la mtsikanayu. Heavy rain, burst its banks, took shelter, paid close attention, zonsezi ndi mawu oyendera limodzi, ma collocation, ndipo ndi pamenepa pomwe timadziwira kuti mwana chizungu chamulowa. Palibe lamulo la galamala limene lingakuuze chifukwa chake mvula imakhala heavy koma mphepo imakhala strong, chifukwa chake timati make a mistake koma do your homework, tell a lie osati say a lie, commit a crime, catch a cold, take a photo, a fast car koma a quick look. Eni chinenerocho anangozolowera choncho basi. Ifenso m'Chichewa timagwira ntchito, timatchera khutu, timaponya voti, timapsa mtima, ndipo palibe anatipatsa pepala loti tiloweze, tinangomva akuluakulu akuyankhula mobwerezabwereza mpaka zinakhazikika. Mtsikanayu wachita zomwezo ndi Chingerezi kudzera m'kuwerenga, nde tikumulanga chifukwa chani?

Mnyamata uja sindikumunena, walemba zomwe anaphunzitsidwa. Koma taonani zimene zili m'chiganizo chake chimodzi chokha. Did a mistake ndi strong rain zachokera m'mutu moganiza m'Chichewa, poti ife kuchita ndi kupanga timasinthanitsa momasuka ndipo timati mvula yamphamvu. Ndi njira yomweyo imene imabala drink medicine m'malo mwa take medicine, I am hearing pain poti kumva kwathu kumagwira khutu, thupi ndi mphuno pamodzi, komanso borrow me your pen. Izi zimakonzeka, ndi ntchito yathu. Chondikwiyitsa ndi at the eleventh hour, yomwe tanthauzo lake ndi nthawi itatsala pang'ono kutha, iye waiyika ngati 11 koloko m'mawa. Analoweza mawu koma sanawaonepo m'chiganizo chenicheni. Ndipo sali yekha. M'mulu womwewo wina anayamba ndime yoyamba ndi last but not least. Wina m'kalata yopita kwa ahedi yopempha tchuthi cha maliro analemba kuti my grandmother kicked the bucket, mwanayo ali ndi chisoni chenicheni koma mawu amene wasankha ndi achipongwe, a nthabwala, palibe anamuuza kuti mawu okhazikika ali ndi malo ake. Wina anatembenuza n'kulemba white and black, wina forth and back, osadziwa kuti black and white, back and forth, sooner or later sasinthidwa dongosolo. Nanga I look forward to hear from you, pafupifupi kalata iliyonse, pomwe pamafunika hearing.

Zonsezi gwero lake ndi pepala lija la ma idiom limene dipatimenti inagawa teremu yatha, mndandanda wautali, idiom kumanzere tanthauzo kumanja, popanda chiganizo ngakhale chimodzi. Tona yense wa fotokope anathera pamenepo, ine nditapempha kuti tipange makope a nkhani zazifupi zoti ana aziwerenga ndinauzidwa kuti tona watha. Laibulale ndi yokiya, asungamo madesiki othyoka. Dikishonale yabwino ilipo imodzi ku sitafu rumu ndipo masamba ena anathothoka. Ndakhala ndikupempha kuyambira chaka chatha kuti atigulireko dikishonale ya ma collocation, ya Oxford inatuluka kalekale mu 2002, yankho ndi lomwe lija loti bajeti. Koma ya kuloweza ndalama zimapezeka.

A HOD anandiyankha kuti madamu, inu simunachongeko mayeso akuluakulu, ma examiner amafuna kuona ma idiom. Ine ndinati chimene wochonga aliyense wanzeru amafuna ndi mawu oyenera pa malo oyenera, idiom yolakwika imadyetsa malikisi kuposa chiganizo chapafupi cholondola. Ndipo nkhaniyi si yachilendo ayi. Harold Palmer, amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan, analemba za ma collocation mu 1933, kunena kuti mawu oterewa aziphunziridwa ngati chinthu chimodzi osati kulumikiza liwu ndi liwu. J. R. Firth mu 1957 ananena zoti liwu umalidziwa poona anzake amene limayenda nawo. Tinaziphunzira ku koleji tonsefe. Kuphunzira ngati chinthu chimodzi sikutanthauza kuloweza mndandanda wouma, mwana ayenera kukumana ndi take shelter m'nkhani, aione kawiri katatu, aone kuti pambuyo pake pamabwera from kapena in, kenako aigwiritse ntchito yekha. A HOD anangoti zamabuku zimenezo, n'kusaina malikisi awo aja. Anzanga ena awiri amene analipo anangoti zii, kunja ndi kumene anadzandiuza kuti ndimanena zoona.

Lachinayi tinabweza mapepala. Mtsikana uja anabwera pa buleki, pepala lili m'manja, malikisi anga atadulidwa ndi bolopeni yofiira ena atalembedwa pamwamba. Sanadandaule, anangofunsa kuti Madamu, ndiye ndiyambe kuloweza pepala lija? Funso limeneli ndi limene landisowetsa tulo. Ndinamuuza kuti iwe usasinthe kalikonse, pitiriza kuwerenga, ndipo ndinamuonetsa ndi pensulo malo onse amene anaphatikiza mawu bwino kuti aone yekha kuti si mwangozi. Koma ndikudziwa kuti mwana amakhulupirira nambala imene ili pa lipoti kuposa mawu a mphunzitsi. Ndinapita kwa a depute, anandimvetsera bwinobwino, n'kunena kuti zimenezo mukagwirizane ku dipatimenti, malikisi alowa kale mu kompyuta.

Lachisanu ndinali wotopa zedi koma Fomu 3 ndinaiphunzitsa mmene ndimafunira. Ndinabweretsa nyuzipepala zakale zanga, ndinawagawa m'magulu, gulu lililonse lisake maverebu make, do, take, pay ndi have n'kulemba mawu amene abwera pambuyo pake pamodzi ndi chiganizo chonse. Anapeza make an arrest, take action, pay tribute, have an impact, ndipo mnyamata wina anafunsa yekha chifukwa chake pay tribute sikukhudza ndalama, tinakambirana mpaka belu. Bolodi inadzadza, anakopera m'makope kumbuyo komwe ndawauza kuti kukhale kwa mawu oyendera limodzi okhaokha. Masikimu aja sindinamalize, ndikapereka mochedwa, anene zimene anene.

Lolemba kuli mitingi ya dipatimenti. Ndajambula mapepala awiri aja, mayina ndaphimba, ndikawaika patebulo kuti aliyense achonge payekha asanamve maganizo a a HOD, ndipo ndikapempha kuti pepala la ma idiom lija tilichotse kapena idiom iliyonse tiilembere ziganizo zake ndi malo amene imayenera. Nkhani ya makiyi a laibulale ndikaidzutsanso.