Siginecha ya Lucky Dube imene idandiwawa mtima

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adafika kuno ku Ulongwe pa Khirisimasi atanditengera CD ya Lucky Dube yosainidwa pachikuto. Adaigula pa okushoni ya pa intaneti, ndipo ndalama zake akadagula matumba awiri a feteleza. Amadziwa kuti nyimbo za mkuluyu ndidakula nazo, makaseti ake tinkakagula ku Dedza titadutsa pachipata cha Calómuè.

Ndidalandira ndi manja awiri. Usiku ana atagona ndidaiyandikiza pa nyale. Mizere ya siginechayo inali yonjenjemera, ndipo pokhota chilembo chilichonse panali kadontho ka inki, kusonyeza kuti dzanja linkaima kaye, maso ali pa chitsanzo china. Munthu amene wasaina dzina lake kambirimbiri salemba choncho. Dzanja limangothamanga, mzere n'kuthera mopyapyala.

Padalinso kapepala kaumboni ka chidindo chonyezimira, koma sikadatchule tsiku kapena malo amene adasainira. Kotere aliyense wa makina osindikizira angapange.

Chimene chidandithetsa mawu chinali kumbuyo kwa chikutocho, pa tizilembo ting'onoting'ono paja: CD idatuluka mu 2008. Lucky Dube adaphedwa pa 18 Okutobala 2007 ku Rosettenville, dera la mu mzinda wa Johannesburg. Mpaka lero zimandipweteka kuti wina akudyera dzina la malemu chonchi.

M'mawa tikumwa tiyi ndidawalozera chakacho. "Alamu, tawerengani apa."

Adawerenga kawiri, n'kutsitsa kapu pansi. "Ndiye kuti adandibera, eti?"

Adajambula chikutocho mbali zonse ndi foni kuti akafunse ndalama zawo.