Za mu minibasi ku Iceland zija, imvani kwa mwini wake

Popeza wina wayamba kale kuithira mchere pa gulupu, bola ndiikambe ndekha. Eya ndinapepesa. Eya ndinachita kuimirira. Koma zoti ndinagwada ndi bodza amwene, mu minibasi muja munalibe malo ogwadira.

Tinagona ku Reykjahlíð, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja ya Mývatn kumpoto kwa Iceland, anthu ake safika ndi 300 omwe. Katchalitchi, kashopu, pothira mafuta, basi mudzi watha. Anatiuza kuti mu 1729 chiphalaphala chamoto chinatsika kuchokera ku phiri lophulika la Krafla n'kuwononga nyumba za pamudzipo koma chitafika pa tchalitchi chinangolambalala, ndipo miyala yakuda ija ilipobe mpaka pano. Ine ndinangoti amen, maganizo ali pa chakudya cham'mawa chifukwa chinali cha "tenga mmene ungathere" ndipo mukundidziwa. Mazira owiritsa, nyemba za mu chitini, buledi wakuda wotsekemera amene amamukwirira pansi tsiku lathunthu kuti apse ndi kutentha kwa nthaka, komanso nsomba yowamba ndi utsi wa ndowe za nkhosa. Tinapita kumeneko pa maphunziro a za nsomba ndiye kulawa inali mbali ya sukulu, musandiweruze.

Takwera minibasi, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, hita ili pa fulu. Tikukwera kaphiri ka Námafjall mimba yayamba kuyankhula. Ndinalimbana nayo ngati munthu wamkulu, ndinapana, ndinapemphera, kenako pa kabampu kena ndinangolola kakang'ono. Kakang'ono zedi, kopanda mawu, kaulemu. Ndinayang'ana uku ndi uku, zii, aliyense ali pa foni. Ndati Mulungu ndi wabwino.

Sipanathe miniti. Fungo.

Abale, fungo la mazira osukusa lenileni, lolemera, loti ukhoza kulidula ndi mpeni. Mayi wina wa ku Uganda amene tinakhala mpando umodzi anakweza sikafu mpaka m'maso. Mkulu wa ku Sri Lanka kutsogolo anayamba kutsokomola. Ine thukuta kamukamu pomwe panja pakuzizira, ndikuwerengera mumtima kuti mazira aja ndinadya angati kodi, nanga kapena ndi ndowe za nkhosa zija zayambana ndi nyemba. Ndimati lichepa, ayi ndithu likukulirakulira, ndipo chimene chinandiopsa n'choti ndinali nditasiya kalekale koma lokha likupitiriza ntchito. Ndinafika poganiza kuti mwina china chake chaphulika m'kati ndipo ndifera kunja, maliro anga adzavuta kunyamula, kumudzi adzafunsa kuti anadwala chiyani ndiye wina adzayankhe bwanji. Kenako ndinaona dalaivala akundiyang'ana pa galasi. Pano ndikudziwa kuti ankangoona galimoto za kumbuyo koma nthawi imeneyo ndinati basi, wandigwira.

Ndiye ine mwana woleredwa bwino, amene agogo anandiphunzitsa kuti ukaipitsa mpweya pagulu usamanamizire mwana kapena galu, ndinamasula lamba, kuimirira mutu uli wopindika kudenga, kuwomba m'manja kawiri mwaulemu n'kunena m'chingerezi changa chabwino cha pa interview kuti akuluakulu pepani nonse, ndine ndachita zimenezi, m'mimba simuli bwino.

Chete amene anatsatira uja sindidzamuiwala. Anthu khumi ndi angapo ochokera m'mayiko osiyanasiyana akundiyang'ana. Gaidi wathu, mtsikana wachi Iceland, maiki ili m'manja pakamwa pali yasa, chifukwa nthawi yomweyo n'kuti akuti ayambe kufotokoza. Ndiye anangoti mwapang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, "fungo limene mukulimvali ndi la sulufule, tafika ku Hverir."

Ndinakhala pansi. Ndinamanganso lamba, sindikudziwa chifukwa chake poti galimoto inali itaima.

Titatsika ndi pomwe ndinaona kukula kwa mlandu umene ndinauvomera. Chigwa chonse chachikasu ndi chofiirira, popanda ndi udzu umodzi womwe, maenje a matope otuwa akubwata bwatabwata, milu ya miyala ikutulutsa nthunzi ndi mkokomo woti simungamvane. Madzi amalowa pansi, amakakumana ndi miyala yotentha, n'kubwerera ngati nthunzi yosakanikirana ndi mpweya wa hydrogen sulphide, ndiye fungo lija. Pali zingwe zoti usadumphe chifukwa nthaka ndi yopyapyala, phazi likhoza kulowa n'kupsa. Zinthu zochititsa chidwi kwambiri moti ndikanasangalala nazo, koma mayi wa ku Uganda uja anabwera pambali panga, kuyang'ana chigwa chonse mpaka kumapiri, n'kundifunsa ndi nkhope ya chisoni kuti "Malawi, zonsezi ndiwe?"

Kuyambira pamenepo dzina langa linatha. Tapita ku Víti, chidzenje chachikulu cha madzi obiriwira chimene chinaphulika mu 1724, wina akuti Malawi unadya chiyani tsiku limenelo. Gaidi akufotokoza kuti Krafla inaphulika maulendo 9 pakati pa 1975 ndi 1984, anthu onse akutembenukira kwa ine. Tadutsa pa siteshoni ya magetsi ya Krafla imene imapanga 60 MW kuchokera ku nthunzi yomweyi, mkulu wa ku Sri Lanka akuti boma lathu likungonditaya, ndikanathetsa mavuto a magetsi kwathu. Ngakhale ku Grjótagjá, kaphanga ka madzi otentha komwe anthu ankasambamo kale asanatenthe kupitirira madigiri 50 nthawi ya kuphulika kuja, ndinangomva kumbuyo "usalowemo iwe, angawire."

Koma tiyeni tinene chilungamo. Kanga kaja n'kutheka kanalibe ndi fungo lomwe, palibe angabweretse umboni. Ndiponso tonse tinadya nyemba zomwezija, ndipo pali mkulu wina wa mpando wakumbuyo amene anaseka mopitirira muyezo, mpaka misozi, kuseka kwa munthu amene wapulumuka. Sindimutchula. Madzulo ake nditatsegula madzi otentha ku bafa fungo lomwe lija linabweranso, ndinangoyang'ana shawa ija n'kusamba osayankhula kanthu.

Buledi uja ngabwino koma, mukapita mukadye. Nyembazo mudzaona nokha.